Mawaya akuluakulu a magetsi ali kuseri kwa chipinda changa ku Diepsloot, kodi ndi amene akudwalitsa mwana?

Amake Tadala

Moni nonse a kuno ku Joni. Nthawi zonse ndimangowerenga za anzanga, lero zandifika ine.

Kwathu ndi ku Dedza, kuno ndili chaka chachitatu. Mu Epulo tinasamukira m'chipinda chakuseri kwa nyumba ina ku Diepsloot chifukwa lendi yake ndi R900, pomwe kumene tinali anakweza kufika R1,400. Tsiku lokaona chipindacho maso anga anali pa loko ndi pa mpopi basi. Sindinalabadire kuti kuseri kwa mpanda kwaima chimpolo chachitsulo, chija chokhala ngati chimunthu chatambasula manja, mawaya ake akudutsa kulowera chakumpoto. Ndayesa kuwerenga: kuchokera pakhomo panga kukafika pamene mawaya ali pamutu penipeni ndi masitepe 50.

Usiku woyamba kunawaza kamvula, ndipo mawaya aja anayamba kulira kuti tsssss, ngati mbatatesi zangoponyedwa m'chiwaya cha mafuta. Ndinagona maso ali gwa. Kukakhala mame m'mawa amateronso.

Ndiye pali waya woyanikapo zovala. Ndi wautali ndithu, anaumanga pa mitengo iwiri m'mbali mwa mpanda. Ndikaugwira ndi manja onyowa umandiluma ngati linthumbu. Poyamba ndinkati mwina ndi kachingwe kothyoka kakundibaya, koma amayi a ku Zimbabwe a chipinda choyandikana nane akuti nawonso umawatero. Mnyamata wawo tsiku lina usiku anatenga chubu chakale cha getsi, chija chachitali choyera, n'kukaima nacho pansi pa mawaya ataimika m'mwamba. Chinayaka! Mwachizimezime, komabe chinayaka, popanda soketi, popanda chilichonse. Ana anakuwa ndi chimwemwe, ine m'mimba munangoti juu.

Chimene chandilembetsa ndi mwana. Tadala ali ndi zaka 6. Kuyambira Juni akumadzuka mutu ukuwawa, nthawi zina nseru, phala osalifuna. Ikamakwana 10 koloko amakhala bwino, akusewera. Kamfuno wamugwira kawiri. Nditawauza abwana anga aakazi ku Fourways kumene ndimagwira ntchito yam'nyumba, anagwira pakamwa n'kunena kuti mawaya amenewa amayambitsa khansa ya m'magazi kwa ana, ndichokemo msanga.

Kuchoka n'kosavuta kunena. Dipoziti ndinapereka, ndipo R500 imene ndikupulumutsa mwezi uliwonse ndi imene ikugula malata a nyumba kumudzi. Koma malata angandithandize chiyani mwana atadwala? Amene mukudziwa za magetsi ndiuzeni zoona, musandinyengerere.

Nangozo wa ku Cosmo

Achemwali samukani, osachedwa. Chinthu choyatsa chubu m'malere ndiye chilephere kulowa m'thupi la kamwana? Ngakhale a WHO anavomera kuti zimenezi ndi za khansa. Mukuganiza anthu aja anawotcha nsanja za foni ku KwaZulu-Natal mu 2021 anali openga onse? Podikira kupeza malo, pali timiyala takuda ndi timasitika tomata kuseri kwa foni, amagulitsa R150, akuti timayamwa cheza. Ine ndinagula tiwiri, chigonereni ndikugona bwino. Mukafuna ndikulozerani.

Mbewe wa Magetsi

Amake Tadala, musanamange katundu tandimverani. Ntchito yanga ndi yomweyi. Ndinaphunzira ku Poly pa Chichiri, n'kuyambira ntchito ku Nkula masiku amene zonse zinali m'manja mwa ESCOM, ndipo kuyambira 2007 ndili kuno ndikuyeza zipangizo m'ma substation. Dazi ndili nalo, koma bambo anga analinso nalo ndipo sanaonepo getsi m'nyumba mwawo.

Pa laini ya magetsi pamachoka zinthu ziwiri, ndipo nkhani imasokonekera chifukwa anthu amaziika m'thumba limodzi. China chimabwera ndi mavolti, china chimabwera ndi karenti imene ikuyenda m'wayamo.

Cha mavolti ndi chimene mwachimva m'manja. Pansi pa laini yaikulu, mpweya weniweniwo umakhala ndi mphamvu ya magetsi, mavolti masauzande angapo pa mita iliyonse kuchokera pansi. Chitsulo chachitali chimene sichikukhudza nthaka chimatola mphamvuyo n'kusowa kokaitaya. Waya wanu ali pa mitengo youma mbali zonse. Mukafika inu, manja onyowa, mapazi pansi, mwasanduka njira yake yopitira m'nthaka. Chubu chija chimodzimodzi: mutu wake uli m'mwamba, mchira uli m'dzanja la mnyamata, kusiyana kwa mavolti pakati pa malo awiriwo n'kokwana kudzutsa mpweya wa m'katimo. Chimafuna karenti yochepetsetsa kuti chiwale chizimezime. Mphamvu imeneyi ndi yamantha, khoma la njerwa kapena mtengo wamasamba zimaitchinga, m'chipinda imalowa yochepa kwambiri. Chotsani wayayo, mangani chingwe cha nayiloni, linthumbu latha. Ndipo mnyamatayo auzidwe asiye masewera oimika zinthu zazitali pansi pa laini. Magetsi a mphamvu choncho sadikira kuti uwakhudze, ukayandikira mokwanira amalumpha okha. Imeneyo ndiye imfa ndaionapo ndi maso.

Phokoso lija ndi mpweya wozungulira waya ukuthetheka pamene pakhala madontho a madzi. Ife timati corona, dzina limene mu 2020 ndinasiya kulitchula mu taxi.

Chachiwiricho ndi mphamvu ya maginito. Iyi ndiye simva khoma, imadutsa njerwa, malata, ndi thupi lomwe. Timaiyeza mu microtesla. Dziko lenilenili ndi maginito, kuno kwathu ku Gauteng mphamvu yake ili pakati pa 25 ndi 30, ndipo tonse tinabadwiramo. Kusiyana kwake n'koti ya dziko imangokhala phee, pomwe ya laini imatembenuka uku ndi uku maulendo 50 pa sekondi, ndipo kutembenukako kumadzutsa tikarenti ting'onoting'ono m'thupi. Pansi penipeni pa laini yaikulu upeza microtesla zingapo, nthawi ya katundu wambiri mwina 10 kapena 20. Ukamatalikira imagwa msanga, pofika mamita 100 nthawi zambiri yafanana ndi ya m'nyumba wamba. Makina ometera a ku barbershop akakhala pamutu amatha kupereka mazanamazana, kungoti ndi kwa mphindi zochepa. Bungwe la ICNIRP, limene mayiko ambiri amatsatira malire ake, linaika 100 mu 1998, kenako 200 mu 2010, kwa anthu wamba. Malirewo anawaika kutali pansi pa pamene thupi limayamba kumva kanthu. Pa microtesla masauzande angapo munthu amaona kuwala kukuphethira m'maso ngakhale atatsinzina. Mfalansa wina, d'Arsonval, anaziona zimenezi mu 1896 atalowetsa mutu wake m'khoyilo yaikulu, waya wokulungidwa mozungulira wodutsamo karenti.

Ndikanafuna kukunyengererani ndikanathera pamenepa. Koma abwana anu sanaitole m'malere nkhaniyo. Mu 1979 Nancy Wertheimer ndi Ed Leeper anayendera nyumba za ana amene anamwalira ndi khansa ku Denver, ku America, n'kupeza kuti zambiri zinali pafupi ndi mawaya onyamula karenti yochuluka poyerekeza ndi nyumba za ana ena. Sanayeze maginito m'nyumbamo, ankangoyang'ana makulidwe a mawaya ndi kutalikira kwake. Anthu anawatsutsa, koma ena atabwereza kafukufukuyo m'mayiko osiyanasiyana kanthu kenakake kankatsalirabe. Mu 2000 Anders Ahlbom wa ku Sweden ndi anzake anaphatikiza zofufuza zisanu ndi zinayi. Anapeza kuti pansi pa microtesla 0.4 panalibe kusiyana, koma ana ochepa aja okhala m'nyumba zimene avereji yake usana ndi usiku imapitirira 0.4 ankadwala khansa ya m'magazi kuwirikiza kawiri. Pa chifukwa chimenechi bungwe la WHO loona za khansa, IARC, la ku Lyon, linaika maginito amenewa m'gulu la 2B, lipoti lake linatuluka mu 2002.

Mayi Nangozo, apa ndi pamene mwadumpha. 2B sikutanthauza kuti avomera. Ikutanthauza kuti mwina, umboni ndi wosakwanira kutseka nkhani mbali iliyonse. Gulu la zotsimikizika ndi 1, mmene muli fodya, mowa, ndipo kuyambira 2015 mulinso nyama zokonzedwa ngati polony ndi ma Russian amene timadyetsa ana mu kota osaphethira n'komwe.

Kuwirikiza kawiri kumamveka koopsa mpaka utafunsa kuti kawiri ka chiyani. M'mayiko amene amawerenga bwino, matendawa amagwira mwana mmodzi mwa ana pafupifupi 20,000 pa chaka. Kawiri kake ndi awiri mwa 20,000. Ndipo mpaka lero palibe wasonyeza kuti maginitowo ndi amene akuchititsa. Ku Britain, kafukufuku wa Gerald Draper wa 2005 anapeza kuchuluka kwa matendawa kwa ana obadwira m'kati mwa mamita 200 kuchokera pa laini, komanso pang'ono mpaka mamita 600, kumene maginito a laini kulibiretu. Atawonjezera zaka mu 2014, anaona kuti kuchulukako kunali kwakukulu m'ma 1960 ndipo pofika m'ma 2000 kunali kutazimiririka, mawaya ali pomwepo. Ndiye mwina n'china chake chimene chimayenda limodzi ndi kukhala m'malo otero. Makoswe a m'labu amene asungidwa moyo wawo wonse m'maginito oposa pamenepo sanaonetse matendawa momveka. Ndipo a physics, monga Robert Adair wa ku yunivesite ya Yale mu 1991, anawerengetsa n'kunena kuti mphamvu yochepa chotere imamira m'chipwirikiti cha magetsi amene selo lili nawo kale chifukwa cha kutentha kwa thupi. Zili ngati kunong'ona pafupi ndi chigayo.

Ine kuona kwanga: sindinena kuti ziro, koma mutu wa m'mawa uliwonse si wa mawaya. Palibe kafukufuku wodalirika amene anapeza kuti microtesla imodzi kapena ziwiri zimapweteketsa mutu. Funani china m'chipindamo.

Za timasitika, R150 imeneyo ndi ya ndiwo. Maginito a 50 hertz, otembenuka maulendo 50 pa sekondi aja, amadutsa khoma, aimitsidwe ndi kapepala? Ndipo chinthu chikatchingadi eriyo ya foni, foniyo imangokweza mphamvu kuti ifikire nsanja. Inu a Fourways mufunse za Craigavon, dera la komweko. Kumapeto kwa 2009 anthu kumeneko anadandaula mutu, zidzolo ndi kusowa tulo chifukwa cha nsanja ya kampani ya intaneti ya iBurst, kampaniyo n'kudzaulula kuti nsanjayo inali itazimitsidwa kwa masabata angapo madandaulo akupitirira. Sindikuti ankanama, mutu unkawawadi. Mantha nawonso amadwalitsa.

Namwino wa ku Rosettenville

Bambo Mbewe anena za mawaya, ine ndifunse zanga. Amake Tadala, usiku mukuotha chiyani? Juni ndi pamene kuzizira kunayamba, ndipo mutu wodzuka nawo m'mawa, wa nseru, wotha mwana akatuluka panja, ife kuchipatala chaka chilichonse nyengo ino timauona. Makala akamayaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wa carbon monoxide. Suoneka, sununkha, ndipo umakakamira m'magazi kuposa mpweya wabwino kuwirikiza maulendo oposa 200. Mwana amayamba kumva msanga kuposa wamkulu. Kukazizira kwambiri timamva za mabanja athunthu osadzuka. Ngati mukulowetsa mbaula, lero lomwe isagonenso m'nyumba, ngakhale makala ataoneka ngati azima.

Kamfuno nyengo ino ndi wa ana ambiri. Mpweya wa kuno kumtunda umauma zedi mu Juni ndi Julayi, m'mphuno mumang'ambika. Kavaselini pang'ono m'mphuno pogona kamathandiza.

Komabe pitani naye ku kiliniki, mukanene zonse monga mwalembera pano, mukapemphe kuti amuyeze magazi. Khansa ya m'magazi kawirikawiri imabwera ndi kutuwa, m'zikope ndi m'manja kuyera, kufooka kosatha, kutentha thupi kobwerezabwereza, mabala akuda pakhungu osamenyedwa, kuwawa kwa mafupa mpaka mwana kukana kuyenda. Mwana wosewera bwino ikakwana 10 sakufanana nazo, koma mtima wa mayi umakhazikika ndi pepala, osati ndi mawu anga. Zikakayikitsa amatumiza ku zipatala zazikulu za Charlotte Maxeke kapena Bara, kuli madokotala a khansa ya ana.

Amake Tadala

Asisi mwandigwira pakhosi. Amastandi analetsa hita, akuti buleka, swichi yozimitsa yokha magetsi akalemedwa, ikumagwa chifukwa zipinda zilipo zisanu ndi ziwiri pa waya mmodzi. Ndiye ndikatha kuphika panja ndimalowetsa mbaula, n'kutseka kunsi kwa chitseko ndi chitenje chakale kuti mphepo isalowe. Zenera ndinalimata ndi makatoni. Kwathu ku Dedza kumazizira, timaotha moto m'nyumba, koma denga laudzu limapuma. Ine sindinaganize. Nanenso mutu umandiwawa m'mawa, ndinkati ndi kutopa. Lero igona panja.

Kondwani wa pa Wits

Amalume a Mbewe, pa za mayiwa ndilibe chotsutsa. Koma pa chigayo chanu chija ndiloleni ndikuvuteni pang'ono, chifukwa anthu angatenge kuti chamoyo sichingamve mphamvu yofooka, pomwe si choncho.

Ku yunivesite ya Oldenburg ku Germany, Henrik Mouritsen ankasunga timbalame totchedwa European robin m'tinyumba ta matabwa. Timbalameti timasamuka usiku ndipo timadziwa kolowera pomva maginito a dziko. Koma pasukulupo tinkangozungulira mutu, osadziwa kumpoto. Atakuta tinyumbato ndi aluminiyamu n'kulumikiza ku nthaka, kampasi yawo inabwerera. Akachotsa waya wa earth, osauza ophunzira amene akuyang'anira mbalamezo, zinkasokonezekanso. Anabwereza kwa zaka zisanu ndi ziwiri asanatulutse zotsatira m'magazini ya sayansi ya Nature mu 2014. Chimene chinkazisokoneza ndi phokoso la magetsi la m'tauni, lofooka kwambiri kuposa malire onse a ICNIRP. Ambiri akuganiza kuti chinsinsi chili m'diso la mbalame, mu puloteni yotchedwa cryptochrome, imene kuwala kukaigunda kumasiya ma electron awiri, tizidutswa ting'onoting'ono ta magetsi, amene khalidwe lawo limasintha ndi maginito. Njira imeneyi siidalira kuti mphamvuyo ipose kutentha kwa thupi. Nayenso shaki amamva magetsi a nsomba yobisala mumchenga. Ndipo kuchipatala, kuyambira 1979 ku America analoleza makina a makhoyilo othandiza fupa lokana kulumikizana. Ndiye kunong'ona kuja ena amakumva.

Mbewe wa Magetsi

Mphwanga wandigwira, ndipo ndavomera. Adair sanatseke nkhani yonse. Koma uwauzenso anthu kuti phokoso limene linasokoneza mbalamezo linali la pakati pa 50 kilohertz ndi 5 megahertz, ndiye kuti lotembenuka maulendo 50,000 mpaka 5 miliyoni pa sekondi, dera la wailesi ya AM ndi zipangizo zamagetsi, osati 50 hertz ya laini, osatinso mafunde a foni. Komanso mbalame ndi shaki zili ndi chiwalo chopangidwira ntchito imeneyo. Kumva chinthu ndi kudwala nacho ndi nkhani ziwiri.

Chimene chandisangalatsa pa nkhani yakoyo ndi waya wa earth wochotsedwa mobisa. Pamenepo ndi pamene kafukufuku wambiri wa nkhaniyi anagwera, ndipo vuto lake ndi la ife amagetsi, osati la madokotala. Ukafuna kuona ngati maginito akusintha maselo m'mbale, umaika mbaleyo pakati pa khoyilo. Koma khoyilo ikayaka imafunda, imanjenjemera, ndipo kabati yosungiramo maseloyo ili ndi fani ndi hita zimene zikutulutsa maginito akeake. Maselo akasintha, wasintha ndi chiyani? Kutentha kochepa chabe n'kokwana kukunamiza. Ndiye akatswiri anayamba kukulunga khoyilo ndi mawaya awiri ogundizana. Karenti ikayenda mbali imodzi m'mawaya onse awiri, maginito amaphatikizana. Ukatembenuza waya mmodzi kuti karenti iziyenda mosemphana, maginito amafafanizana, koma kutentha kumakhala komweko. Kompyuta ndi imene imasankha kuti lero ndi ziti, wofufuza osadziwa mpaka atamaliza kuwerenga. Atayamba kuchita chonchi, zodabwitsa zambiri za m'ma 1980 ndi 1990 zinakana kubwerezeka m'malabu ena. Panalinso za manyazi: mu 1999 ofesi ya boma la America yoona za chinyengo pa kafukufuku inapeza kuti Robert Liburdy wa ku Lawrence Berkeley anakonza manambala pa zotsatira zake za calcium m'maselo. Anthu amene amati amamva magetsi m'thupi nawonso ayesedwa kambirimbiri mwa njira yomweyi, ndipo sakhoza kudziwa ngati makina ayaka kapena ayi kuposa munthu wongolota.

Kufafanizana kumeneku ndi kumene timagwiritsanso ntchito pa laini. Mawaya atatu aja karenti zake zimasemphana, n'chifukwa chake maginito amagwa msanga ukamatalikira. Ukawayandikizitsa, kapena pa polo ya malaini awiri ukasinthanitsa dongosolo la mawaya mbali inayo, pansi pamafika zochepa.

Amake Tadala, Loweruka ndili ndi ntchito chakufupi ndi kwanuko. Ndibwera ndi kamakina kanga cha m'ma 6 madzulo, nthawi imene Joni yense wayatsa masitovu ndi mahita, kuti tione laini itasenza katundu wake wonse.

Mbewe wa Magetsi

Ndapitako, ndipo mayi andilola kuti ndilembe pano.

Laini ndi ya 400 kV, ndiye kuti mavolti 400,000, mbale zagalasi zopachikira waya ndinawerenga zoposa 20. Laini yotere Eskom, kampani ya magetsi ya kuno, imaisiyira malo a mamita pafupifupi 55 m'lifupi osamangamo. Chipinda chili kunja kwa malowo, koma mpanda ndi waya wa zovala uja zalowamo. Pansi penipeni kamakina kanawerenga microtesla 6. Pa mpanda 2 ndi kadontho. Pakhomo pa chipinda 0.6. Imeneyo ndi nthawi ya katundu wambiri, pakati pa usiku imatsika, ndiye avereji ya tsiku lonse ili chapafupi ndi 0.4 uja, mwina kunsi pang'ono.

Ndinali nditayamba kale kulongedza. Tadala ndi amene anati amalume yezaninso pabedi panga, akufuna kuona manambala akuvina. Nditaika kamakina pa pilo kanalumpha kufika 3. Kuposa pa mpanda! Ndinasuntha bedi. Kuseri kwake, m'munsi mwa khoma, mukudutsa waya mmodzi wofiira, yekhayekha, wopita ku zipinda zinazo. Mnzake wobwerera, wa neutral, anamudutsitsa khoma lina kuseri kwa nyumba, mwina waya unawathera. Kondwani, khoyilo ya mawaya awiri ndimanena ija ndi imeneyi. Mawaya awiriwa akakhala m'chingwe chimodzi amafafanizana, ukachoka kamtunda ka dzanja limodzi palibe chotsala. Ukawalekanitsa mamita atatu, chipinda chonse chili m'kati mwa khoyilo. Wina atayatsa ketulo m'chipinda chachitatu tinaona nambala ikukwera pamaso pathu, atazimitsa inatsika. Mwana anaseka mpaka kugwa.

Ine sindinaseke, koma osati chifukwa cha maginito. Wayayo ndi woonda, woyenera magetsi owunikira, ndipo wasenza zipinda zisanu ndi ziwiri. Nditamugwira anali wofunda ngati kapu ya tiyi. Pamalo ena analumikiza pongopota n'kukulunga pulasitiki ya buledi, ndipo pulasitikiyo yayamba kusungunuka, masentimita ochepa kuchokera pa bulangeti la mwana. Buleka imene ikumagwa ija ndi yokhayo imene ikuwateteza, ndipo amastandi amandifunsa ngati ndingawaikire yaikulu kuti isamagwe. Ndinakana. Ndinawauza kuti chofunika ndi chingwe chokhuthala cha mawaya atatu, earth yeniyeni ndi earth leakage, swichi yozimitsa magetsi akayamba kuthawira kunja kwa waya, ntchito ya munthu wa laisensi. Anandiyang'ana ngati ndawapempha ng'ombe.

Bedi tinalisunthira pakati, kutali ndi makoma onse awiri, pamenepo pakuwerenga 0.8 ketulo ikayaka. Waya wa zovala tadula, pali nayiloni. Polumikiza paja ndaikapo kabokosi koyenera kuti pasayake usiku uno, koma kumeneko ndi kumata chilonda ndi pulasitala.

Mayi anandifunsa kuti akanakhala mwana wanga ndikanatani. Chifukwa cha chimpolo chokha sindikanathawa usiku kusiya dipoziti, ngakhale kuti nditapeza chipinda cha mtengo womwewo patali ndi laini ndikanasankha chimenecho, poti mwana ndi wamng'ono ndipo funso la 0.4 lija silinayankhidwe. Chifukwa cha waya wa kuseri kwa bedi, ndikanapereka notisi mwezi uno.

Nangozo wa ku Cosmo

Ine timiyala tanga sindichotsa, tandithandiza. Koma za mbaula ndamva, nanenso ndimalowetsa.

Amake Tadala

Ndabwera kudzathokoza. Bambo Mbewe anakana ngakhale ya petulo, anangolandira nsima ya usipa umene amayi ananditumizira pa basi.

Mbaula ili panja masiku 9 tsopano. Makatoni a pazenera ndachotsa mbali imodzi. Tikugona ndi mabotolo a madzi otentha okulunga m'masokosi, ndipo ndinagula bulangeti lina la kaunjika. Kuyambira tsiku lachitatu Tadala sanadandaulenso mutu, phala akumaliza n'kupempha lina. Ku kiliniki anamutenga magazi, zotsatira zabwera, akuti zonse zili bwino, angomupatsa mankhwala a njoka zam'mimba poti nthawi yake inakwana.

Amastandi akuti waya wakhala choncho zaka zinayi osapsa, amene sakufuna achoke. Amayi a ku Zimbabwe aja ndawaonetsa pulasitiki yosungunuka imene bambo Mbewe anachotsa, nawonso ayamba kufunsa malo.

Ndiye amene akudziwa chipinda chosapitirira R1,200, chokhala ndi mita yakeyake, kumene ndingakwere taxi imodzi kukafika ku Fourways, andiuze Ogasiti asanathe. Ndili ndi mwana mmodzi, bedi, ndi kafiriji kakang'ono.